Denga Lagalasi Lopanga Magetsi: Kodi Liyenera Mipingo ya ku Mulanje?

Aliyense amene anapempherapo m'tchalitchi cha kumudzi ku Mulanje m'nyengo ya chiperoni adziwa mdima umene umakhalamo. Mitambo ikatsika m'phiri, mlaliki amasendera kuzenera kuti aone malemba, ndipo akwaya amaimba za pamtima. Tsono kwamveka mbiri ya galasi la padenga limene limalowetsa kuwala, nilipanganso magetsi kuchokera ku dzuwa.

Kapangidwe kake nkotere: pakati pa magalasi awiri amaikapo tizidutswa ta silikoni motalikirana. Kuwala kogwera pa tizidutswato kumasanduka magetsi, pamene kopyola m'mipata kumaunikira anthu okhala pansi. Motero denga limodzi ligwira ntchito ziwiri.

Kunja zayamba kale. Ku Saskatoon, m'dziko la Canada, tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Holy Family chili ndi mazenera okongoletsedwa okhala ndi tizidutswa toposa 1,000, ntchito ya mmisiri Sarah Hall. Ku Vatican anasankha sola wamba: mu 2008 anayala mbale 2,400 padenga la holo ya Paul VI.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi kulemera kwake. Magetsi ambiri a dziko lino achokera mu Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023, Freddy atagwetsa nyumba ku Mulanje, ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pothawira potere payenera kukhala nyali yosadalira chingwe chochokera kutali. Anthu a ku Bondo aonetsa kale kuti nzotheka, pakuti bungwe la MEGA limawapangira magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya.

Koma walira mvula walira matope. Popeza galasili limalola kuwala kwina kupyola, magetsi ake achepa poyerekeza ndi sola wamba wa msinkhu womwewo, chonsecho mtengo wake ndi wokwera. Mulanje ndi boma la mvula yambiri; denga lobooledwa mosasamala lidzadontha, ndipo m'Okutobala lidzaotcha mpingo. Usiku galasi silithandiza kanthu popanda batire, ndipo batire imatha.

Chifukwa chake tinena ndi inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene kawirikawiri mumasankhidwa kusunga chuma cha mipingo ndi mizikiti. Pa nyumba yakale, yambani ndi malata ochepa oonekera, sola wamba ndi batire yabwino. Galasi lija liganiziridwe pomanga nyumba yatsopano, mmisiri wodziwa atayeza mphamvu ya mitanda ya denga. Ndipo musanatulutse chopereka cha amayi amasiye, funsani wogulitsayo funso limodzi: likasweka, adzalikonza ndani, ndipo akhala kuti?