Kompyuta ikatha ntchito imapita kuti?

Zithunzi ndi mauthenga ambiri amene timatumizirana pa foni amasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta, zotchedwa data center. Makina amenewa sapuma usana ndi usiku, ndipo pakapita zaka zingapo eni ake amawachotsa n'kuikapo atsopano. Asanawataye amayamba afufuta kapena kuphwanya zosungira mauthenga kuti zinsinsi za anthu zisatuluke. Nanga mawaya, mabatire ndi zitsulo zotsalazo zimapita kuti?

Lipoti la bungwe la United Nations linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasamalidwa mwadongosolo sizinakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Zina zimafika mu Africa ngati katundu wa kaunjika. Ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, anyamata ankawotcha mawaya pofuna kopa wogulitsa, mpaka boma linagwetsa malowo mu 2021. Utsi wotere umawononga mapapo.

Choopsa kwambiri ndi mtovu. Umapezeka m'magalasi a ma TV ndi makompyuta akale aja a chimsana, komanso m'mabatire akuluakulu amene amasunga magetsi. Mabatire ake ndi a mtundu womwewo ndi a galimoto ndi a sola amene ambirife tili nawo pakhomo. Fumbi la mtovu silinunkha. Mwana amalimeza akamasewera pansi n'kuika zala m'kamwa, kenaka limawononga ubongo pang'onopang'ono: mwana amachepa magazi, amavutika kumva za kusukulu, ndipo mtovu ukachuluka amakomoka. Mayi wapakati amatha kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu ankaswa mabatire m'makomo pofuna mtovu wogulitsa. Makolowo ankangofuna ya chakudya basi.

Choncho batire likatha musaliswe, ndipo madzi ake musathire pansi kapena pafupi ndi chitsime. Lisungeni pamalo ouma pamene ana safikapo, kenaka funsani kumene munagula ngati amalandira akale. Foni yakufa musaponye pamoto kapena kupatsa mwana ngati chidole. Amene mumakonza mawailesi ndi mafoni, sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo zovala za kuntchito muzichape pazokha. Mwana akasewera ndi zam'kati mwa batire, pitani naye kuchipatala ndipo muwafotokozere anamwino chimene wagwira.