Duŵa Losaopa Dzuŵa

Boma la Nkhotakota lili m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi. Dera limeneli ndi lotentha ndipo nthaka yake, makamaka kufupi ndi nyanja, ndi yamchenga. Anthu ambiri amasesa pabwalo m'maŵa uliwonse mpaka pamangoti mbee, popanda ndi kaudzu komwe. Ukhondo wotere ndi wabwino, koma uli ndi vuto lake. Mvula ikagwa mwamphamvu, madzi otsika padenga amakokolola mchenga uja nakumba tingalande, kotero kuti pakapita zaka maziko a nyumba amatsala pamtunda. M'nyengo ya mwera, mphepo imaulutsira fumbi pa chinangwa ndi usipa zimene zayanikidwa.

Pali duŵa lina limene limathandiza pa vutoli. Dzina lake ndi periwinkle, ndipo kwao kwenikweni ndi ku chilumba cha Madagascar. Limakula kufika m'mawondo kapena kupitirirako pang'ono. Masamba ake ndi obiriŵira, osalala ndi onyezimira, ndipo amamera aŵiriaŵiri moyang'anana. Duŵa lililonse lili ndi timapiko tisanu, tofiirira kapena toyera, ndipo ena ali ndi kadontho kofiira pakati. Ngakhale mu Okutobala, pamene udzu wauma ndipo mchenga ukuwotcha kumapazi, periwinkle amakhala ali chimasulire.

Kubzala kwake sikulira ndalama. Maluŵa akafota pamatuluka timakoko tiŵiri tokhala ngati nyanga za mbuzi, ndipo m'kati mwake muli timbewu takuda. Timakokoti tikauma timasweka tokha, nchifukwa chake pansi pa tsinde lakale pamamera mbande zambiri mvula ikayamba. Wofuna kubzala amazula mbandezo pamodzi ndi dothi lake, naziwokera madzulo dzuŵa litazizira, motalikirana masentimita 30. Amazithirira kwa masabata aŵiri kapena atatu mpaka zitagwira.

Ntchito imene ambiri amaiŵala ndi yotsina nsonga. Mbande ikasiyidwa yokha imangotalika ngati ndodo ndipo siphimba nthaka. Koma ikatsinidwa kunsonga idakali yaing'ono, imaphuka nthambi zambiri m'mbali. Nthambi za mbande zoyandikana zimakumana, masamba nachita ngati denga. Madontho a mvula amayamba agunda masambawo asanafike pansi, pamene mizu imagwira mchenga kuti usatengedwe. Mzere wa maluŵaŵa umathandiza kwambiri pamene pamagwera madzi a padenga ndiponso m'mbali mwa njira yotsetsereka. Komabe ndi bwino kusiya mpata pakati pa maluŵa ndi khoma, kuti njoka zisapeze pobisala.

Mdani wamkulu wa duŵali si chilala koma madzi. Malo a lowe, monga madambo olimamo mpunga, amaoletsa mizu yake ndipo masamba amasanduka achikasu. Amene amalithirira m'maŵa ndi madzulo, poganiza kuti akulichitira chifundo, ndiye amalipha msanga.

Mbuzi kaŵirikaŵiri zimalilambalala chifukwa ndi loŵaŵa, ndiponso lili ndi ululu. Mwana asatafune masamba kapena maluŵa ake, ndipo asambe m'manja akatha kutsina nsonga.

Chodabwitsa nchakuti ululu womwewo unabala mankhwala. Ku Jamaica anthu ankamwa madzi a masambaŵa pofuna kuchiza matenda a shuga. Akatswiri aŵiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, atawapima sanapezemo mankhwala a shuga, koma mu 1958 anapezamo mankhwala a khansa otchedwa vinblastine. Patapita zaka zochepa panapezekanso ena otchedwa vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa m'maiko ambiri, ngakhalenso pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mankhwalaŵa amayengedwa m'mafakitale kuchokera ku milu yaikulu ya masamba, ndipo amaperekedwa ndi dokotala yekha. Kuŵiritsa masambawo kunyumba sikungachize khansa, koma kungadwalitse munthu koposa.

Mafunso

1. Kodi bwalo lopanda chomera chilichonse limaonongeka bwanji nthaŵi ya mvula?
2. Chifukwa chiyani wobzala periwinkle amatsina nsonga za mbande?
3. Fotokozani malo amene duŵali silingakule bwino.
4. Kodi akatswiri a ku Canada ankafuna chiyani m'masambawo, nanga anapeza chiyani?