Tsabola wa ku New Mexico pa Chakudya cha Apaulendo

Munthu woyenda pa galimoto m'chigawo cha New Mexico, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Amereka, akaima pa nyumba yodyeramo m'mbali mwa msewu amapeza chakudya chozolowereka chija chotchedwa burger, ndiko kuti nyama ya ng'ombe yopera yootchedwa bwino ndi kuikidwa pakati pa banzi. Komatu kumeneko pamwamba pa nyamayo amayalapo tsabola wobiriwira wowamba, nafunditsa tchizi chosungunuka.

Tsabola ameneyu ndi wamtali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndiponso ndi wa mnofu wochindikala. Wotchuka kwambiri amalimidwa m'chigwa cha Hatch, m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande, kumene usana kumatentha ndipo usiku kumazizira. Mbewu yake inakonzedwa koyambirira kwa zaka za m'ma 1900 ndi katswiri wa zaulimi, Fabian Garcia, pa sukulu ya ukachenjede ya ku Las Cruces. Iye anafuna tsabola woti munthu nkudya ngati ndiwo, osati wongokoleretsa chabe.

M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ogulitsa amathira tsabolayu m'migolo ya waya imene amaizunguza pa moto kufikira khungu lake litapserera. Akatero amamusenda ndi kumudula tizidutswa. Kafungo kake kamadzaza misika, kotero kuti m'chaka cha 2023 boma la chigawochi linakhazikitsa mwa lamulo kuti limeneli ndilo fungo la New Mexico.

Malo amodzi amene apaulendo amakonda kuimapo ndi Owl Bar, m'kamudzi ka San Antonio, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1945. Anthu a kumeneko amasimba kuti akatswiri amene ankakonzekera kuphulitsa bomba loyamba la atomiki m'chipululu chapafupi ankadyera pomwepo. M'chaka cha 2009 nthambi yoona za alendo inalemba mndandanda wa nyumba zodyeramo zotere, kuti mlendo azidziwa poima.

Nanga mlendo wosazolowera achite motani? Choyamba afunse ngati tsabola wa tsikulo ndi waukali, pakuti ukali wake umasiyana malinga ndi mtundu ndi nyengo. Wozolowera kambuzi sangaope, chifukwa wa ku Hatch ndi wofatsa pomuyerekeza ndi ameneyo. Chimene chimaotcha m'kamwa ndi mafuta ena ake otchedwa capsaicin, amene sasungunuka m'madzi. Nchifukwa chake kumwa madzi sikuthandiza kwenikweni, pamene mkaka ndi tchizi zimaziziritsa lilime. Tsono tchizi cha pa burger chija chili ndi ntchito yake. Pa zakudya zina woperekera amafunsa kuti, "Wofiira kapena wobiriwira?" Wofiira ndi yemweyo atakhwima ndi kuumitsidwa. Wofuna onse awiri amangoyankha kuti "Khirisimasi."

Koma alimi a tsabolayu ali pa mavuto. M'chaka cha 1992 minda yake inaposa maekala 30,000, koma m'zaka zotsatira inatsika kufika pa maekala osakwana 10,000, kaamba ka kuchepa kwa madzi, kusowa kwa anthu othyola ndi manja, ndi tsabola wotsika mtengo wochokera ku maiko ena. Amalonda ena anayamba kugulitsa tsabola wa kwina m'dzina la New Mexico, mpaka m'chaka cha 2011 aphungu a chigawochi anakhazikitsa lamulo loletsa chinyengo chotere.

Chomwecho wapaulendo amene afunsa kumene tsabola wa pa burger yake wachokera sakhala akuvuta. Funso lakelo limathandiza kuti ndalama yake ifike kwa mlimi wa m'chigwa cha Rio Grande, amene anathirira ndi kuthyola tsabolayo.