Methyl bromide asabwererenso pa nazale za ku Kasungu

Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, alimi a fodya a ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu ndi ku Chamama, amakhala ali kalikiliki m'madimba kukonza mabedi a nazale. Nyengo imeneyi ndi pomwe dandaulo lakale limadzukanso pakati pa akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maesiteti: kale kunali mankhwala a m'zitini otchedwa methyl bromide, ukawathira pa bedi udzu sunkamera, mbande zinkatuluka zoyera mizu, ndiye boma linawaletseranji? Ine ntchito yanga ndi kemisitiri, ndipo sinditsutsa kuti mankhwalawo ankagwira ntchito. Ankagwiradi, mwinanso kuposa ena onse amene anabwera pambuyo pake. Chimene ndikunena n'chakuti mphamvu yomwe inkawachititsa kuyeretsa bedi ndi yomweyo imene inkawachititsa kukhala oopsa, ndipo palibe njira yochotsera kuopsako n'kusiya mphamvuyo. Kuti izi zimveke tiyenera kuona mmene mankhwalawa anapangidwira, ndipo nkhani yake si yovuta monga ambiri amaopera.

Tiyambe ndi mpweya wa methane, womwe umatuluka m'ndowe zikamaola. Molekyulu yake ili ndi atomu imodzi ya kaboni pakati, yozunguliridwa ndi maatomu anayi a haidrojeni. Mukachotsa haidrojeni imodzi n'kuikapo kagulu ka okosijeni ndi haidrojeni, kamene timakalemba kuti OH, mwapanga methanol, wamng'ono pa onse m'banja la ma alcohol. Mukaikapo atomu ya bromini m'malo mwa OH, mwapanga methyl bromide, wa m'banja la ma haloalkane, lomwe limadziwika ndi kukhala ndi bromini, klorini, fluorine kapena ayodini womatirira pa kaboni. Zili ngati mpini: mtengo ndi womwewo, koma mukalowetsapo khasu mukalimira, mukalowetsapo nkhwangwa mukadulira mitengo. Mabanja awiriwa ndi oyandikana kwambiri moti m'fakitale methyl bromide amamupanga kuchokera ku methanol, ndipo akakhala m'dothi lonyowa, madzi amamubweza pang'onopang'ono kukhala methanol uja, bromini n'kutsalira m'nthaka ngati mchere. Wophunzira wa sekondale amene amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso mwina sadziwa kuti zinkachitika pa dimba la agogo ake.

Kusiyana koyamba kumaonekera pa kawiridwe. Methanol ndi wamadzimadzi, amawira pa madigiri 65. Methyl bromide ndi wolemera pafupifupi katatu kuposa methanol, choncho munthu angayembekezere kuti azivuta kuwira, koma amawira pa madigiri 4 okha. Chifukwa chake ndi kagulu ka OH kaja: kamachititsa mamolekyulu a alcohol kugwirana okhaokha ndiponso kugwirana ndi madzi, pamene bromini sangathe kutero. Ndiye ngakhale m'bandakucha wa mu Juni ku Kasungu, methyl bromide akangotuluka m'chitini amasanduka mpweya. Apa ndi pamene panagona ubwino wake wonse kwa mlimi. Ankafunditsa bedi ndi pepala la pulasitiki, kukwirira m'mphepete ndi dothi, n'kuboola chitini pansi pa pepalalo. Mpweyawo, polemera kuposa katatu mpweya umene timapumawu, unkalowa pansi m'timipata tonse ta dothi momwe mankhwala amadzi sangafike. Dothi la mchenga la m'zigwa za Kasungu lili ndi timipata tambiri totere, komanso ndi dothi lomwe tinyongolotsi totupitsa mizu ya fodya timalikonda kwambiri. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mlimi ankachotsa pepala, kudikira pang'ono kuti mpweya uchoke, n'kufesa.

Nanga unkapha bwanji? Bromini amakokera ma elekitironi kwa iye, n'kusiya kaboni ali wosowa, ndipo mgwirizano wa awiriwa ndi wosalimba. Molekyuluyi ikakumana ndi chinthu chokhala ndi safa kapena naitrojeni, bromini amachoka ndipo kaboni uja amamatirira pa chinthucho. Zamoyo zonse zili ndi safa ndi naitrojeni m'mapuloteni ake, komanso naitrojeni mu DNA yake, ndipo puloteni yomatidwa chotere imaleka kugwira ntchito. N'chifukwa chake chitini chimodzi chinkapha tinyongolotsi, nkhungu zoolesa mbande, tizilombo ndi njere za udzu nthawi imodzi. Koma molekyulu sidziwa kusiyanitsa puloteni ya kanyongolotsi ndi ya munthu amene wagwada pambali pa bedi. Mwa munthu mpweyawu umawononga mapapo ndi mitsempha ya ubongo, umaotcha khungu ukatsekeredwa mu nsapato kapena m'magolovesi, ndipo zizindikiro zimatha kudzaoneka patapita maola ambiri. Choipitsitsa n'chakuti ulibe mtundu ndipo pa mlingo umene ungavulaze munthu sununkha, moti opanga ankasakanizamo pang'ono chloropicrin, mankhwala otulutsa misozi, kuti wothira azindikire kuti pepala likutulutsa mpweya. Abale ake a m'banja lomweli ali ndi mbiri yofanana. Mu 1977 zinadziwika kuti DBCP, wophera tinyongolotsi tomweti, anachititsa amuna ogwira ntchito pa fakitale ina ku California kusabereka, ndipo mu 1983 dziko la America linaletsa kuthira EDB m'nthaka atamupeza m'madzi akumwa, mankhwala omwe anali ataonetsa kale kuti amayambitsa khansa mwa nyama zoyeserera.

Wina anena kuti zonsezi n'zongofuna kusamala: mupatseni wantchito chophimba kumaso, aphunzitsidwe bwino, nkhani yatha. Zikanakhala kuti vuto ndi la wothira yekha, mfundoyi ikanamveka, ngakhale aliyense wodziwa moyo wa matenanti akudziwa kuti zovala zodzitetezera sizifika kawirikawiri kwa amene amagwira chitinicho. Koma chimene chinaletsetsa methyl bromide chili kumwamba. Gawo lalikulu la mpweya wothiridwa pa bedi silithera m'dothi. Limadutsa pa pulasitiki kapena kuuluka pepala likachotsedwa. Wambiri umaphwanyika m'mlengalenga mwapafupi pasanathe chaka, koma wina umakwera kufika pakati pa makilomita 15 ndi 35, komwe kuli ozoni, mpweya wa maatomu atatu a okosijeni umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Kumeneko dzuwa limadula mgwirizano wosalimba uja, bromini n'kumasuka. Atomu ya bromini imaphwanya molekyulu ya ozoni koma iyo siitha, imatuluka ili momwemo n'kukaphwanya ina, kambirimbiri. Poyerekeza atomu ndi atomu, bromini amawononga ozoni kuposa ka 40 mmene klorini wa m'mafiriji akale amawonongera. Palibe chophimba kumaso chimene chingaletse zimenezi, pakuti mlimi wosamala ndi wosasamala onse ayenera kuchotsa pepala kuti afese.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwamphamvu kuposa koyamba. Nyanja zikuluzikulu, zomera zina ndi moto wolusa zimatulutsa methyl bromide mwachilengedwe, ndipo amene anadzaza thambo ndi mipweya ya CFC, ya m'mafiriji akale ija, ndi mayiko olemera, osati mlimi wa ku Chamama. Zonse ziwiri n'zoona. Koma methyl bromide wachilengedwe wakhalapo kuyambira kalekale ndipo ozoni inkakwanitsa kudzibwezeretsa pa mlingo umenewo. Chimene chinasokoneza ndi chowonjezera cha anthu, ndipo ndi chokhacho chimene anthu angachiletse. Popeza mpweyawu sukhalitsa m'mlengalenga ngati CFC, yemwe amatha zaka makumi ambiri, kuuleka kunali njira yachangu yopezera phindu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchuluka kwake m'mlengalenga kunayamba kutsika. Za chilungamo pakati pa mayiko, pangano la mayiko loteteza ozoni linaziganizira. Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza za CFC mu 1974, asayansi a ku Britain analengeza za kupyapyala kwa ozoni pamwamba pa Antarctica mu 1985, Pangano la Montreal linasainidwa mu 1987, ndipo methyl bromide anawonjezeredwa pa mndandanda ku Copenhagen mu 1992. Mayiko olemera anapatsidwa malire a 2005, osauka a 2015, ndipo olemerawo anakhazikitsa thumba lolipirira kusinthaku. Kudzera m'thumba limeneli, ndi thandizo la UNDP komanso ntchito ya bungwe la ARET, lomwe lili ndi sukulu ya zaulimi ku Mwimba konkuno ku Kasungu, Malawi analeka methyl bromide pa nazale za fodya pakutha kwa 2004, zaka khumi malire asanakwane. Fodya sanathe m'dziko muno chifukwa cha zimenezo. Mabelo akufikabe ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Ndipo tisaganize kuti ozoni ndi nkhani ya kutali. Dziko lathu lili kumene dzuwa limaomba molunjika, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000, omwe khansa ya pakhungu ndi mdani wawo wamkulu. Lipoti lomwe United Nations inatulutsa mu Januwale 2023 linati ozoni ibwerera mmene inalili mu 1980 pofika cha m'ma 2040 m'madera ambiri, ndi cha m'ma 2066 ku Antarctica.

Pali mfundo imodzi imene ndikugwirizana nawo odandaulawo. Zolowa m'malo mwa methyl bromide sizophweka. Basamid ndi metam sodium zimafuna dothi lonyowa bwino kuti zitulutse mpweya wake wakupha, zimafuna kudikira masabata angapo musanafese, ndipo nazonso ndi poizoni. Mathireyi oyandama pamadzi amathetseratu vuto la dothi chifukwa mbande sizikhudza nthaka ya pa dimba, koma amafuna ndalama zoyambira, zodzaza m'mathireyi ndi madzi abwino, zinthu zomwe esiteti kapena mlimi wa pa kontirakiti angazipeze msanga kuposa mlimi wodziimira payekha. Ambiri amangotentha mapesi pa bedi, njira yomwe imangopha zapamwamba. Mtolo wa kusinthaku sunagawidwe mofanana, ndipo amene akufuna kumenyera mlimi wamng'ono amenyere pamenepa: mathireyi otsika mtengo, alangizi ofika m'midzi, ndi kasinthasintha wa malo a nazale. Kubwezeretsa chitini chakale si yankho la vuto limeneli.

Kuti tione kuti nkhani si yakuti mankhwala onse ndi ofanana, tipite m'munda womwewo miyezi ingapo kutsogolo. Mlimi akathena fodya, mphukira zimatuluka m'mphanda za masamba n'kumalanda chakudya. Amodzi mwa mankhwala othira pa mphukirazi ndi decanol, alcohol wa maatomu 10 a kaboni ondandalikana, kumapeto kwake kuli OH. Mchira wautali wa kaboniwo umakonda mafuta kuposa madzi, choncho umasungunula khungu lanthete la mphukira, madzi n'kutuluka, mphukira n'kuuma m'maola ochepa, pamene tsamba lokhwima limapirira ngati mankhwalawo asungunulidwa pa mlingo woyenera. Mchira womwewo ndi umene umachititsa kuti asasakanikirane ndi madzi payekha, n'chifukwa chake mankhwalawa akathiridwa m'madzi amayera ngati mkaka. Decanol amawira pa madigiri oposa 200, ndiye sathamangira kumwamba. Alibe bromini kapena klorini woti akamasule ku ozoni. Ndipo tizilombo ta m'nthaka timamudya mmene timadyera mafuta. Naye amapha, koma amapha chimene wakhudza n'kuthera pomwepo. Amayabwa m'maso ndi pakhungu, kotero asathiridwe ndi manja osavala kanthu.

Komabe wina asatenge pamenepa chiphunzitso chakuti banja la alcohol ndi labwino, la haloalkane ndi loipa. Ethanol, wa makaboni awiri, ndi amene ali mu kachasu ndi mu mowa wa masese, ndiponso amene fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982 kuti asakanizidwe ndi petulo. Methanol amasiyana naye ndi kaboni imodzi yokha, amaoneka chimodzimodzi, koma chiwindi chimamusandutsa formaldehyde kenako formic acid, yemwe amawononga mtsempha wa maso ndipo amapha. Mbali inayo, halothane, amene wagonetsa odwala ambirimbiri m'zipinda za opaleshoni, ndi haloalkane. Chimene chimaweruza ndi kapangidwe ka molekyulu iliyonse payokha: kutalika kwa mndandanda wa kaboni, chomwe chamatirirapo, ndi kulimba kwa mgwirizano wake. Pa methyl bromide zitatu zonsezi zinakumana moipa, pakuti ndi wamng'ono mokwanira kuuluka, ndi wosachedwa kumatirira pa zamoyo, ndipo wanyamula atomu imene ozoni singaipirire.

Masiku ano pangano limalola methyl bromide makamaka pofukiza katundu wodutsa malire a mayiko pofuna kupha tizilombo tobisala, ntchito ya anthu ophunzitsidwa ndi okhala ndi chilolezo. Pa bedi la nazale ndi woletsedwa. Alimi a ku Kasungu, mukamagula mankhwala a nazale chaka chino, musakhutire ndi dzina lalikulu la pa botolo kapena ndi mawu a wogulitsa. Funani pamene palembedwa dzina la mankhwala enieni amene ali m'katimo, onetsetsani kuti ndi ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo chitini kapena botolo lopanda chizindikiro chilichonse mulisiye pomwepo n'kukauza mlangizi wa m'dera lanu.