Kubwezeretsa Madzi M'mitsinje M'nyengo ya Chilimwe: Phunziro Lochokera ku Nsomba ya Salimoni

Mtsinje umene umasefukira m'dzinja ukhoza kupha nsomba zake zonse m'chilimwe ngati usiya kuyenda kwa masabata owerengeka okha. Izi n'zimene akatswiri a nsomba pamodzi ndi alimi a kumpoto kwa California ndi ku Oregon, m'dziko la America, akhala akulimbana nazo. Ku California mvula imagwa makamaka kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndipo kuchokera Meyi mpaka Okutobala kumakhala gwaa. Miyezi youmayi ndiyonso nyengo yawo yotentha, imene mlimi amafuna madzi ambiri pamene mtsinje uli ndi madzi ochepa. Njira zimene anthu a kumeneko apeza n'zoyenera kuti alangizi a m'chigawo chino azidziwe.

Moyo wa nsombayi

Mtundu wa salimoni umene wavutika kwambiri ndi wotchedwa coho, umene akatswiri amautchula kuti Oncorhynchus kisutch. Nsomba yaikazi imakumba kadzenje m'timiyala ta pansi pa mtsinje, n'kuikiramo mazira m'nyengo ya mvula, kenaka imafa. Ana akaswa amakhala mumtsinje momwemo pafupifupi chaka chathunthu asanatsikire ku nyanja ya Pacific. Kunyanjako amakula kwa chaka ndi theka, ndipo akafika zaka zitatu amabwerera kukaswa kumtsinje kumene anabadwira.

Tsono vuto lagona pa chaka choyambacho, pakuti ana a nsombayi ayenera kupulumuka chilimwe chonse ali m'maiwe a timitsinje ting'onoting'ono. Amakonda madzi ozizira a madigiri 12 mpaka 14, ndipo kutentha kukayandikira madigiri 25 amafa. Madzi akamayenda pang'ono pokha kuchokera dziwe lina kukalowa dziwe lina, amabweretsa mpweya wa okosijeni ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Akaleka kuyenda, dziwe limasanduka thamanda lofunda, mpweya umachepa, ndipo nsomba zimafa dziwelo lisanaphwe n'komwe. Kafukufuku wa bungwe la California Sea Grant m'timitsinje tothira mu Russian River anaonetsa kuti masiku amene maiwe akhala osalumikizana akamachuluka, ana opulumuka amachepa. Boma la America linaika coho wa m'chigawo chapakati cha gombe la California pa mndandanda wa zamoyo zofunika chitetezo mu 1996, ndipo mu 2005 linalengeza kuti nsombayi ili pafupi kutheratu.

Chimene chimaphwetsa mitsinje

Madzi amene amayenda mumtsinje m'chilimwe ndi mvula yam'dzinja yomwe inalowa pansi, ndipo imatuluka pang'onopang'ono kudzera mu akasupe ndi m'madambo. Choncho chilichonse chothamangitsa madzi m'dzinja chimasaukitsa mtsinje m'chilimwe. Misewu ya m'nkhalango ndi ngalande zimatsitsira madzi kumtsinje asanalowe m'nthaka. Mtsinje umene wakumba khwawa lakuya umakoka madzi a pansi pa dambo loyandikana nawo, dambolo n'kuuma msanga.

Mitengo nayo ili ndi mbali yake. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 ku Oregon anapeza kuti m'madera obzalidwa mitengo ya Douglas-fir ya zaka pafupifupi 40, madzi a m'mitsinje m'chilimwe anali theka la madzi a m'madera a nkhalango yakale, kaamba kakuti mitengo yaing'ono yothithikana imamwa madzi ambiri. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene anapeza ku Jonkershoek m'dziko la South Africa pa za mitengo ya paini, ndipo dzikolo linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 yochotsa mitengo yachilendo yomwe yafalikira m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri.

Chomaliza ndi mapampu. Pampu imodzi ya banja kapena ya munda wa mphesa imaoneka yaing'ono, koma kamtsinje kakamayenda malita owerengeka pa sekondi imodzi, mapampu angapo akayatsidwa nthawi imodzi amakadula pakati.

Kusunga madzi a m'dzinja ndi kuleka kupopa

Kumtunda kwa mtsinje wa Mattole, m'boma la Humboldt, madzi anayamba kuphwa m'malo ena chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Bungwe la anthu a m'deralo lotchedwa Sanctuary Forest linakonza pangano ndi eni malo. Banja limapatsidwa mathanki osunga malita pafupifupi 190,000, amene limadzaza mtsinje ukadali wodzala. Nalo banjalo limasaina kuti kwa zaka 15 lidzaleka kupopa madzi mumtsinje m'miyezi imene madzi achepetsetsa. Bungwelo limayesa madzi mumtsinje kawirikawiri, ndipo ndilo limadziwitsa anthu tsiku loleka kupopa ndi tsiku loyambiranso. Banja limagwiritsabe ntchito madzi monga kale. Chimene chasintha ndi nyengo yowatungira. Eni minda ikuluikulu amachita chimodzimodzi pokumba madamu pambali pa mtsinje, osati pakati pake, kuti njira ya nsomba isatsekeke.

Kubwereka madzi kwa mlimi

Boma la Oregon linakhazikitsa lamulo mu 1987 lovomereza kuti madzi osiyidwa mumtsinje kaamba ka nsomba akhale ndi chilolezo chawochawo, monga momwe alili madzi othirira. Kenaka mu 1993 kunabadwa bungwe la Oregon Water Trust. Pangano lake loyamba linali pa kamtsinje ka Buck Hollow, pamene mlimi wa ng'ombe analeka kuthirira msipu wake, bungwelo n'kumugulira udzu wouma wodyetsa ziwetozo. Mlimiyo sanataye kanthu, ndipo madzi anatsala mumtsinje.

Kuthira madzi m'nthawi yamavuto

Pa chilala chimene chinagwa ku California kuyambira 2012 mpaka 2016, panafunika chithandizo chamsanga. Mu 2015 a bungwe loona za madzi m'mudzi wa Camp Meeker anatsegulira madzi ochepa m'kamtsinje ka Dutch Bill, ndipo eni minda ena a mphesa anatulutsa madzi a m'madamu awo. Malita owerengeka pa sekondi imodzi anakwanira kulumikizanso maiwe ena mpaka mvula itagwa. Njirayi imapulumutsa nsomba za chaka chimenecho chokha, siichiza nthenda ya mtsinje.

Kuchedwetsa madzi kuti alowe pansi

Mankhwala okhalitsa ndiwo kubwezera nthaka mphamvu yake yosunga madzi. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi nyama ya m'madzi yotchedwa beaver, imene imamanga timadamu ta nthambi ndi matope, koma alenje ofuna zikopa anaichepetsa kwambiri. Pa kamtsinje ka Bridge Creek ku Oregon, kuyambira 2009, akatswiri anakhoma mizati modutsa mtsinje kuti ichirikize timadamu totere. Madzi a pansi pa nthaka anakwera, ndipo ana a nsomba ya steelhead, yomwe ndi mbale wake wa salimoni, anachuluka. Ku Mattole nako akumba maiwe m'malo okwera kuti agwire mvula, madzi ake adzatulukire kumtsinje mochedwa.

Njira zonsezi zili ndi malire ake. Mathanki ndi okwera mtengo, pangano limaphindula pokhapokha oyandikana ambiri atalowamo, ndipo chilala chikakula kwambiri mtsinje umaphwa ngakhale mapampu onse atazimitsidwa.

Mpasa ndi mitsinje ya m'chigawo chino

M'nyanja ya Malawi, imene ku Tanzania amaitcha Nyasa ndipo ku Mozambique Niassa, muli mpasa, Opsaridium microlepis. Nsombayi si ya banja la salimoni, koma khalidwe lake n'lofanana: imakulira m'nyanja, n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala m'madzi oyera oyenda, ndipo kuswa kwake kumapitirira mpaka m'miyezi yopanda mvula. Mitsinje yodziwika ndi mpasa ndi monga Bua, Linthipe, North Rukuru, Songwe wa m'malire a Malawi ndi Tanzania, ndiponso Ruhuhu wa ku Tanzania. Mpasa ndi sanjika zachepa chifukwa cha matope amene amakwirira timiyala toswerapo, kugwiritsa ntchito katupe, kutseka mitsinje ndi miono, komanso kuchepa kwa madzi m'chilimwe.

Ulimi wam'madimba ndi wothirira ndiwo umapulumutsa mabanja ku njala, motero mlangizi sangangouza mlimi kuti aleke kutunga madzi. Chimene ntchito ya ku America yaonetsa n'chakuti mlimi amavomera kusiya madzi mumtsinje akapatsidwa china m'malo mwake. Poyambira pake ndi kudziwa mtsinjewo. Mlangizi akhoza kukhoma thabwa lolembedwa miyeso pamalo amodzi, kulemba msinkhu wa madzi sabata iliyonse, ndi kusunga tsiku limene maiwe aleka kulumikizana. Kaundula wotere wa zaka zingapo amaonetsa masabata enieni angozi, amene nthawi zambiri amakhala ochepa mvula yoyamba isanagwe.

Akadziwika masabatawo, makomiti a ulimi wothirira ndi a usodzi, mothandizidwa ndi mafumu, akhoza kugwirizana zopopa mosinthana kuti mapampu asayake onse pamodzi, kukumba madamu pambali pa mtsinje ndi kuwadzaza m'dzinja, kusiya madambo a kumtunda osalimidwa, ndi kulimbikitsa akalozera ndi udzu wa vetiva m'minda yotsetsereka. Pa mitsinje ya m'malire monga Songwe, miyeso ya tsidya lino iyenera kuperekedwa kwa alangizi a tsidya linalo, chifukwa pangano la gombe limodzi silingasunge madzi ngati gombe linalo likupopabe.