Mmisiri Wachinyamata Atchulidwe Dzina

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Ambiri timadziwa kuti amene anatsogolera ntchitoyo ndi David Clement Scott, koma ndi angati mwa ife angatchule ngakhale mmodzi mwa amuna amene anaumba njerwa zake ndi kuziyala? Khalidwe loiwala mmisiri tidakali nalo.

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse umamva. Koma mnyamata kapena mtsikana amene waposa anzake pa ukalipentala kapena pa zomangamanga ku Soche, Nasawa, Namitete kaya Livingstonia amabwerera kwawo mwakachetechete, ngati wolephera. Aphunzitsi ena, tinene mosabisa, amaopsezabe ana aulesi kuti adzathera ku ntchito zamanja. Nanga mwana wanzeru angasankhe bwanji ntchito imene mphunzitsi wake waisandutsa chilango?

Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wothandizira maphunziro a luso. Komatu msonkho sukopa mtima wa mwana. Tikupempha akuluakulu a maphunziro m'maboma kuti ophunzira opambana m'makoleji amenewa aziitanidwa ku sukulu zimene anachokera, atchulidwe maina pamaso pa ana ndi makolo, ndipo aonetse mpando kapena chitseko chimene anapanga ndi manja awo. Mphoto yawo isakhale chikho chongokongoletsa m'nyumba. Apatsidwe sowo, hamala ndi levulo, pakuti ambiri amatuluka ndi satifiketi m'manja koma opanda chida choyambira ntchito.