Osanthula Nyimbo za Makolo

Mwa ntchito zonse zimene ana a anthu amakhetsera thukuta pansi pano, ilipo ina imene ambiri akaimva amagwira pakamwa, ndiyo ya iwo amene, atakwera makwerero onse a ku yunivesite, amasenza makina ojambulira mawu nakakhala pamphasa kumapazi a nkhalamba yoimba bangwe, kuti aphunzire kwa iyo zimene sizinalembedwe m'buku lililonse. Amenewa sitiwatcha oimba, ngakhale ena a iwo zeze amamudziwa ndithu. Chawo ndi kufunsa mmene nyimbo idamangidwira, kumene idachokera, ndi chimene eni ake amanena za iyo.

Hugh Tracey, amene adakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music m'chaka cha 1954, imene lero ili ku Rhodes University, adajambula nyimbo m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958. Ankayenda ndi bokosi la timafoloko tachitsulo, kalikonse ndi liwu lakelake. Ndipo woimba akakhudza nsambo imodzi, iye ankagogoda timafolokoto kamodzikamodzi kufikira atapeza kolingana ndi liwulo, nalemba nambala yake, kotero kuti makungidwe a nsambo a munthu amene adagona kalekale tingathe kuwabwezera pa bangwe watsopano lero lino.

Gerhard Kubik wa ku Vienna, ataona kumpoto kwa Mozambique mu 1962 kuti oimba mangwilo, choimbira cha mitengo yogunda ndi ndodo, manja awo athamanga kuposa khutu, adawajambula pa filimu, ndipo atabwerera kwawo adapenda filimuyo chithunzi ndi chithunzi, nalemba mtengo umene ndodo idagunda pa kamphindi kalikonse; pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi yemweyu adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, anyamata a ku Chileka oimba gitala ndi chitoliro, ndipo m'chibale chimenechi mudatuluka Moya Aliya Malamusi, mwana wa komweko, amene adayamba ngati woimba ndi wothandiza pofufuza nadzalandira digiri ya udokotala ku Vienna. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene ntchitoyi idakhwima, chifukwa mlendo angabwere ndi kalumo kakuthwa, koma tanthauzo la nyimbo ya pamtondo, ndi amene akunyogodoledwa m'menemo, amazimva ndi mwana wa m'mudzi.

Wofuna kulowa m'ntchitoyi adziwe kuti njira yake ndi yaitali. Ayenera kuyamba wapempha chilolezo kwa mfumu, ndipo za kudambwe sadzazimva ngati sanalowe; akachoka kumudzi, nyimbo ya mphindi zitatu ingamudyere sabata yathunthu poilemba, kenaka alembe buku lalikulu nakaliteteze pamaso pa akadaulo omuyesa. Malo a ntchito ndi ochepa: kuphunzitsa ku yunivesite monga ku Zomba, kusunga matepi akale ku wailesi, kapena kusamala zoimbira m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kumene chinyontho ndi chiswe zimadya kaligo mosafunsa kuti adasema ndani.